Dzina Lobwereka

Lawrence,
Indianapolis, Indiana
14 Seputembala, 2025

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mayi, komanso kuti msana uja wasiya kukuvutani mukakhalitsa pa makina osokera. Ine kuno ndili bwino. Ntchito ya unamwino ikuyenda, ndipo odwala anga sandidandaula, kupatula gogo wina amene amati ndimayenda ngati ndikuthawa mvula.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo modikira foni yathu ya Lamlungu. Pafoni inu muli ndi luso lanu: nkhani ikangoyamba kukuwawani mumati netiweki yavuta, kenako foni mumapatsira mayi. Ndiye khalani pansi pakhonde lanu pa Kampepuza, muvale magalasi, makasitomala ayambe adikira. Kalatayi ndapatsira Pamela, mnzanga wa kuntchito, amene akubwera kumudzi mlungu wamawa ndipo adzabwerera kuno pa 20 Okutobala.

Ndiyambe ndi kuulula. Kwa milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikukuuzani kuti maofesi a kuno akuchedwetsa pepala la imfa ya bambo aakulu. Limenelo linali bodza, ndipo mundikhululukire. Pepalalo ndinalipeza kalekale, lili pathebulo pano pamene ndikulembera. Chimene chinandivuta ndi kukuuzani zimene zalembedwapo.

Mukukumbukira kuti mu Meyi munandipatsa ntchito. Munati zaka khumi ndi zinayi zapita chimwalirireni mkulu wanu, bambo aakulu a Sosten, ndipo akugonabe kuno kutali popanda chiliza, ngati munthu wopanda abale. Munati popeza ine ndili ku Indiana konkuno, ndipeze manda awo ndi pepala la imfa yawo kuti tiwaikire mwala. Ndinadabwa, chifukwa chikulireni changa sindinakumvenipo mukuyambitsa nokha nkhani ya bambo aakulu. Ine ndinawaona kamodzi kokha, atabwera kumaliro a agogo aamuna ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anandipatsa makrayoni. Maliro atatha, masiku onse amene anatsala kumudzi inu munawathera pa makina, kusoka mayunifomu amene panalibe wowafulumirira. Komabe ntchitoyo ndinailandira ndi manja awiri. Mumamudziwa mwana wanu, ndikagwira chinthu sinditaya.

Kuno dziko analigawa m'makaunti, monga maboma kwathu, ndipo kaunti iliyonse ili ndi ofesi ya zaumoyo imene imasunga kaundula wa obadwa ndi omwalira. Zimene ndinkadziwa n'zoti bambo aakulu ankakhala ku South Bend ndipo anamwalira pa 9 Malichi, 2011, ine ndisanalote n'komwe zobwera kuno. Ndiye Lachisanu lina mu Julaye ndinapempha tchuthi, n'kuuyatsa ulendo wa maola awiri ndi theka kulowera kumpoto. Msewu wonse ndi minda ya chimanga yosaoneka mathero ake. Mukanamva kuti chambiri mwa icho amadyetsa ng'ombe ndi nkhumba, mukanatsika m'galimoto kukawalankhula eni ake.

Ku ofesi ya kaunti ya St. Joseph, kumene kuli South Bend, anandipatsa fomu. Imafunsa dzina lonse la womwalira, tsiku ndi malo amene anamwalirira, ubale wako ndi iye, ndiponso chifukwa chimene ukulifunira pepalalo, pakuti sapatsa munthu wongodutsa. Zonsezi ndinalemba mosajejema. Pa ubale pokha ndi pamene cholembera chinaima, chifukwa Chingerezi chilibe mawu oti bambo aakulu. M'bale wa bambo ako ndi mlongo wa mayi ako, onse amawathira m'thumba limodzi. Ndinalemba mawu awo omwewo mtima ukukana.

Bambo wina wa ndevu zaimvi anafufuza pa kompyuta. Anayesa Kandulu, anayesa Kandulo, anayesanso kuyamba ndi chilembo china.

"Mayi, palibe munthu wa dzina limeneli amene anamwalirira m'kaunti muno chaka chimenecho," anatero.

"Fufuzaninso bwino," ndinamuuza. "Manda awo ali mumzinda mwanu muno."

"Manda ndi nkhani ina," anayankha mofatsa. "Pepala la imfa limakhala kumene munthu watsirizikira, osati kumene amakhala kapena kumene waikidwa. Kafunseni amene anali naye tsiku lomaliza."

Safunsa anadya phula. Ndinali ndi nambala ya Anti Theresa, imene mayi wina wa kumpingo kwathu anandipatsa. Anti Theresa kwawo ndi ku Zomba, akhala ku South Bend zaka zoposa makumi atatu akusamalira okalamba, ndipo akuti palibe Mmalawi amene anabadwa, kukwatira kapena kumwalira mumzindawo iwo osaphikapo. Ndisanamalize n'kudzitchula pakhomo pawo, anandigwira dzanja.

"Ndiwe mwana wa a Ngozo aang'ono? Eee, usachite kunena, chipumi ndi chomwecho! Lowa, lowa. Wapakinga bwino koma? Msewu uno amakupatsa tikiti usanatseke n'chitseko chomwe."

Nditawafotokozera za ku ofesi anaomba m'manja. "Ku St. Joseph sungawapeze, mwananga. A Ngozo anakolapusa kuntchito, ambulansi inawatengera kuchipatala cha konkuno, koma atawacheka mtima anawatransifeya ku Indianapolis. Anakhalako masiku asanu. Amene ndinasayina mapepala ndine, thupi n'kubwera nalo kuno."

Ndinaseka ndekha, Bambo. Ndinali nditayenda ulendo wonsewo kufunafuna pepala limene linali mphindi makumi awiri kuchokera pakhomo panga.

Tinacheza masana onse pa tiyi ndi zitumbuwa. Anandiuza kuti bambo aakulu ankaphunzitsa masamu pa koleji ina yaing'ono, sanakwatire, ankayimba besi m'kwaya, ndipo ana a Amalawi amene masamu ankawavuta ankawaphunzitsa Loweruka kwaulere. Koma taganizani: maola anayi athunthu, palibe mmodzi wa ife amene anatchula dzina lawo loyamba. Anti ankati a Ngozo, mwina malemu. Ine ndinkati bambo aakulu. Ndikanatchula bwanji dzina la kholo langa pamaso pa munthu wamkulu, ngati ndikuitana mwana wa Sitandade Wani? Ulemu umene munandiphunzitsa inu ndi umene unandisiya m'chimbulimbuli milungu ina iwiri.

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni ananditengera kumanda. Ndi malo osesa bwino, udzu wodulidwa, mitengo ikuluikulu. Anzawo onse m'mbali ali ndi miyala, koma pa bambo aakulu pali kachitsulo kotalika ngati chikhatho, ndipo kapepala kamene kanali m'kati mwake kanayera mbee ndi chipale chofewa cha zaka zonsezi, osawerengekanso. Ndinagwada, ndinawauza kuti ndine Nangozo, mwana wa mng'ono wawo, ndabwera mochedwa koma ndabwera. Anti anandiuza kuti a kumanda salola kuika mwala popanda pepala la imfa, ndipo dzina lolembedwa pa mwalawo liyenera kufanana ndi la papepala. Anatinso a kumpingo kwawo ndi okonzeka kudzavundukula chiliza kumapeto kwa Meyi chaka chamawa, bola wosema miyala apatsidwe dzina pofika Disembala. Ine ndinati zimenezo n'zazing'ono.

Pa 1 Ogasiti m'mawa ndinapita ku ofesi ya kaunti ya Marion, kuno ku Indianapolis, nditanyamula mapepala anga onse m'faelo. Pawindo panali mayi wina wa magalasi olendewera pa tcheni, pachifuwa palembedwa Melissa. Ndinadzazanso fomu yonga ija. Anatayipa, anayang'ana, anatayipanso.

"Tsiku mwalembali pali Kandulu mmodzi," anatero, "koma dzina loyamba silikugwirizana. Kodi anali ndi dzina lina?"

Ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati dzina lawo ndi Sosten, banja lonse limadziwa choncho. Mayiyo sanatsutsane nane. Anangopempha kuti aone mapepala osonyeza ubale wanga ndi womwalirayo. Ndinamupatsa pasipoti ndi chikalata changa chobadwira, chija munavutika nacho ku boma pamene ndinkakonza ulendo wobwera kuno. Anachiwerenga, nkhope yake n'kumasuka.

"Aa, si uyu apa! Mwangolemba dzina lina pa fomu. Lucious Kandulu, wobadwira ku Malawi pa 2 Juni, 1965. Ndi bambo anu, eti? Pepani kwambiri."

Bambo, ine ndine namwino. Ndatsekapo maso a anthu ambiri, ndauzapo ana kuti kholo lawo latisiya, mawu anga osanjenjemera. Koma tsiku limenelo ndinachita kumupempha mayiyo kuti abwereze zimene wanena. Dzina lanu, ndi tsiku lanu lobadwa, lija ndimakuimbirani nyimbo pafoni chaka chilichonse inu mukuti ndikuwononga mayunitsi. Mayiyo anandisonyeza pokonza, ine ndinakonza. Pa ubale ndinafufuta zimene ndinalemba n'kuikapo kuti mwana. Mumtima ndinkadziuza kuti kwathu mkulu wa bambo ndi bambo, ndiye sindikunama, koma ndinkadziwa kuti iye sakumva choncho. Anandipatsa pepala lodindidwa bwino, ndipo ndinatuluka nditanyamula umboni wa boma wakuti bambo anga anamwalira mu 2011.

Nditangolowa m'galimoto ndinakuimbirani. Mwina mukukumbukira. Munati, "Iwe Evelina, lero si Lamlungu, kwagwanji? Ndili ndi kasitomala, ndikumuyeza thalauza." Ine ndinati palibe, ndimangofuna kumva ngati mwaswera bwino. Mutadula foni ndinalira mpaka bambo wina wodutsa anagogoda pagalasi kufunsa ngati ndikufuna thandizo.

M'mawa mwake ndinali kale pa msewu wa ku South Bend. Ulendo uno za ulemu ndinazisiya kunyumba, poti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinayala pepalalo pathebulo la Anti Theresa.

"Anti, mayina awa ndi a bambo anga ondibereka. Ali moyo, dzulo ndalankhula nawo. Amene munaika m'manda aja dzina lawo ndi Sosten."

Anti anavula magalasi. "Mayo ine! Ndiye kuti sukudziwa? Ine ndimayesa ukudziwa, mwananga. Nkhani ya m'banja mwanu ndiyambe kukuuza ndine mlendo? Kuno aliyense ankawadziwa kuti a Lucious. Pasipoti, madigiri, laisensi, zonse Lucious. Ine ndemwe dzina loti Sosten ndinalimva kuchipatala, kutatsala masiku awiri. Ndiye posayina ndikanatani? Ndikanati Sosten, akanandifunsa kuti Sosten ndi ndani, mapepala ake ali kuti."

Tsopano ndikulemberani zimene bambo aakulu anawauza Anti m'masiku awiri amenewo. Ngati pena palakwika, mundikonze, pakuti mwini nkhani ndinu.

Akuti bambo aakulu analemba mayeso a Sitandade Eyiti kawiri. Ankakhoza, koma osasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo aliyense ankanena kuti dzina la wobwereza likadziwika, kusankhidwa n'kovuta. Anthu ambiri nthawi imeneyo ankangosintha dzina n'kukalembera kwina. Ndiye mu 1979 agogo anawatumiza kwa azakhali, kusukulu ya kutali, n'kukawalembetsa ndi dzina lanu ndiponso tsiku lanu lobadwa, kuti aoneke wamng'ono. Inu munali Sitandade Seveni, ndipo akuti chiyambireni sukulu simunatsikepo pa nambala wani. Bambo aakulu anasankhidwa. Chaka chotsatira, pamene inu munafika pa mayeso, dzina lanu linali kale ku Fomu Wani, litavala yunifomu. Agogo anati palibe chovuta, tengani la Sosten, likungokhala. Koma la Sosten linali dzina la wobwereza kawiri, ndipo akuti inu munakana kulemba mayeso ndi dzina la munthu wina. Munasiya sukulu n'kukakhala pafupi ndi telala wina pa Kampepuza, kumulowetsera ulusi pa singano.

Ndinakwiya, Bambo, ndipo sindibisa. Ndinakwiyira agogo amene ali m'manda, ndinakwiyira bambo aakulu amenenso ali m'manda, ndipo popeza awiriwo sangandiyankhe, mkwiyo wotsala wonse unagwera inu. Moyo wanga wonse mwakhala mukutiuza kuti sukulu munasiya chifukwa mutu wanu unali wouma. Mutu wouma uti? Amene munandiphunzitsa mafulakishoni ndi tepi yoyezera nsalu aphunzitsi atalephera ndinu. Amene munkawerenga nyuzipepala yokulungira ulusi n'kumapeza pamene mtolankhani waphonya Chingerezi ndinu. Tsiku limene ndinasankhidwa kupita ku sekondale munatseka makina masana, munapita kuseri kwa nyumba, ndipo mayi anatiuza kuti mwadwala mutu. Ine ndinakhulupirira.

Ndipo munandituma bwanji kukafufuza Sosten Kandulu mukudziwa kuti kuno kulibe munthu wotero? Funso limeneli ndalitembenuza milungu yonseyi. Poyamba ndinkati mwandiseweretsa. Kenako ndinaganiza kuti mwina munkayembekeza kuti mkulu wanu atafika kutali chonchi anabwerera ku dzina lake, ndipo munkafuna pepala loti likutsimikizireni. Koma lero ndikuganiza kuti munkadziwa bwino lomwe chimene ndikapeze. Munali mutatopa kuisenza nokha, pakamwa pakukana kutseguka, ndiye munatuma mwana amene mumadziwa kuti sabwerera panjira. Ngati zili choncho, munasankha bwino.

Pepalali ndaliwerenga kambirimbiri. Lili ndi malo olemba ntchito ya womwalira ndi maphunziro ake. Ndiye ndikudziwitseni, mwina simunamve: malinga ndi boma la Indiana, a Lucious Kandulu ndi mphunzitsi wa masamu ndipo ali ndi madigiri awiri. Nditawerenga koyamba ndinaseka misozi ikutsika. Pa makolo analemba mayina a agogo molondola. Chilichonse papepalapo ndi choona, kupatula dzina ndi tsiku lobadwa.

Pali mawu ena amene Anti anandipatsira, ndipo ndi anu, si anga. Akuti kuchipatala kuja anamwino ankabwera n'kumati, "Lucious, mwadzuka bwanji?" koma iwo osayankha, mpaka madokotala anayamba kuganiza kuti mutu wasokonezeka. Anti atawafunsa m'Chichewa, anayankha bwinobwino. Anati, "Mayi, ndatopa kuyankha dzina la mwini. Mng'ono wanga anandibwereka kuti ndilembere mayeso, ine ndayenda nalo zaka makumi atatu osabweza. Ndinkafuna kubweza, koma pepala lililonse linabereka linzake. Mukadzaona wa kwathu mumuuze kuti sindinalidetse. Silinalowepo m'khoti, silinagonepo m'ngalande. Ndinalisamala." Anti anasunga mawu amenewa zaka khumi ndi zinayi, chifukwa wa kwathu sanabwere. Ine sindikunena kuti mawuwa akubwezerani sekondale yanu. Ndangofikitsa uthenga monga anandipatsira.

Mlungu wotsatira ndinabwerera kwa mayi Melissa uja, chifukwa mawu oti mwana amene ndinalemba pa fomu ankandisowetsa mtendere. Ndinamuuza zonse: kuti bambo anga ali moyo, kuti womwalirayo ndi mkulu wawo, ndi mmene dzinalo linayendera. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. M'malo mwake anati zaka zonse wagwira pawindo limenelo wakonzapo zilembo zophonyeka ndi masiku olakwika, koma sanakumanepo ndi womwalira amene akusoka mathalauza. Anakonza fomu yanga kuti inene zoona, ndipo anandilongosolera kuti pepala la imfa limatheka kukonzedwa, koma osati ndi pakamwa. Pamafunika umboni wakale wosonyeza dzina lenileni, ndi mawu olumbira a anthu odziwa nkhaniyo. Anati nkhani ngati yathuyi mwina ikafika mpaka kwa woweruza. Ine ndinati ngakhale ikafike kuti, ndidzaiperekeza.

Anti Theresa avomera kale kulumbira mbali yawo, popeza ndiwo anapereka dzina tsiku lija. Chatsala ndi mbali yanu, ndipo ndikukupemphani zinthu ziwiri. Choyamba, mupite ku parishi mukapemphe kalata yochokera m'buku la ubatizo, ya bambo aakulu ndi yanu, kuti zioneke kuti kunabadwa ana awiri, Sosten mu 1962 ndi inu mu 1965. Chachiwiri ndi pepala limene ndaika m'envelopu muno. Ndalembamo nkhani yonse mwachidule monga ndinaimvera. Muliwerenge, pamene palakwika mukonze, kenako mupite nalo kwa loya kapena kwa majisitireti ku Ntcheu, mukalumbire ndi kusayina pamaso pawo. Zonsezo mumupatsire Pamela asananyamuke.

Ndikudziwa zimene munene, chifukwa ndinu bambo anga. Munena kuti za akufa tizisiye, tisavule agogo nsalu ali m'manda. Munenanso kuti anthu a pa Kampepuza adzamva. Amve! Adzamva kuti telala wawo anali nambala wani. Ngati mukuopa mlandu, ndafunsa loya wina wa kumpingo kwathu, ndipo wati iye sakuona mmene mwana wa zaka khumi ndi zinayi amene anatengeredwa dzina ndi makolo ake angakhalire wolakwa. Agogo anachita zimene makolo ambiri ankachita, pofuna kuti mwana ngakhale mmodzi yekha awoloke. Ine sindikufuna kuwazenga mlandu. Ndikungofuna kuti aliyense agone ndi kudzuka ndi dzina lake.

Mumvetse bwino pamene nkhani yaima. Pepalali likapanda kukonzedwa, mwala umene mwandituma ungathe kulembedwa dzina limodzi lokha, lanu. Ine Evelina sindidzaimirira pamanda, kwaya ikuyimba, n'kuvundukula nsalu pa mwala wonena kuti bambo anga anamwalira. Zimenezo sindidzachita ngakhale mutandilamula. Ndiye mukakana kusayina, bambo aakulu akhalabe ndi kachitsulo kawo kopanda dzina, ndipo ine ndidzauza a kumpingo kuti tsiku lija alifufute. Sindikukuopsezani. Ndikungokuuzani kuti njira ndi ziwiri zokha, ndipo cholembera chili m'manja mwanu. Koma mtima wanga sukukayika. Munthu amene anakana kulemba mayeso ndi dzina la mwini ali mnyamata sangalole kuti mkulu wake agone mpaka kalekale ndi dzina la mwini. Chibale ndi fupa, sichiola.

Wosema miyala ndalankhula naye kale. Ndamuuza kuti asunge mwala wotuwa, wosanyada, wolembedwa Sosten Kandulu, pansi pake a Ngozo, kuti Amalawi odutsa adziwe kuti pagona munthu wa kwawo. Ngati pali vesi limene mukufuna, mundilembere. Ndipo mu Meyi ndikufuna mudzabwere, inu ndi mayi, mudzavundukule nokha. Za mapepala a ulendo zisakudetseni nkhawa, maofesi ndawazolowera tsopano.

Mundiperekere moni kwa mayi. Sindikudziwa ngati nkhaniyi akuidziwa. Ngati sakuidziwa, musawapatse kalatayi kuti awerenge okha. Muwauze inuyo, ndi pakamwa panu, akhala nanu zaka zambiri zoti sayenera kumvera kwa mwana. Moni kwa achimwene ndi alamu, ndi kwa ana onse. Anti Theresa akuperekanso moni, akuti akufunitsitsa kuona a Ngozo aang'ono ndi maso.

Kwa inu, Bambo, moni wanga ndi pempho limodzi lomaliza. Polemba kalatayi ndatulutsa makalata anu onse amene ndinasunga, ndi malipoti anga a kusukulu amene munkasayina. Ndaona chinthu chimene sindinachionepo: paliponse munkangolemba zilembo ziwiri, L.K., zazing'ono, pakona, ngati mukuopa kuti wina akugwirani. Mukafika pamaso pa majisitireti musachite zimenezo. Mulembe lonse, chilembo ndi chilembo, mosafulumira, ngakhale anthu a pamzere ang'ung'udze. Ndi lanu, ndipo palibenso wina amene akuligwiritsa ntchito.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Evelina Nangozo,
mwana wa a Lucious Kandulu, amene ali moyo.